Kalata kwa mwana wanga ku England, za mwana amene mukumudikira

Mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndi amuna ako. Kuno tonse tadzuka.

Zomwe unandiuza pafoni ndazisinkhasinkha. Khoti lasunthanso tsiku la mlandu wanu wopempha kutenga mwana wa kuno kuti akhale wanu mwalamulo (adoption), amalume a mwana uja abweza mawu akuti sasainanso, ndipo pali munthu amene wakunong'oneza kuti atha kukutulutsira setifiketi ya kubadwa yolembedwa kuti mwanayo unabereka ndiwe. Pamapeto unafunsa ngati Mulungu wakutsekerani khomo. Pafoni sindikanatha kukuyankha, unkalira. Werenga kalatayi mtima uli m'malo, uwapatsenso amuna ako awerenge, chifukwa zambiri zikukhudza nonse awiri.

Ndiyambe ndi amalume, poti ndiwo wawasungira mkwiyo. Unachoka kuno kalekale, koma sunaiwale kuti kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Pamudzi munthu akanena kuti "mwanayu ndimtenge ndikalere", abale amamva zoti akadya bwino, akaphunzira, patchuthi azibwera, ndipo akadzakula adzabwerera kudzaona manda a mayi ake ndi kulima munda wawo. Zomwe mwakapempha kukhoti inu ndi zina. Chigamulo cha adoption chikatuluka, pamaso pa lamulo mwana uja salinso wa banja limene anabadwiramo, ndipo abale sangabwere mawa kudzati tadzamtenga. Wachibale akabweza mawu, kawirikawiri sikuti ndi wankhanza kapena akufuna kanthu. Ndi tsiku limenelo pamene zamulowa m'mutu. Chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo munthu amene wapatsidwa cholembera kuti alidule, dzanja liyenera kumunjenjemera. Lamulo lathu la Adoption of Children Act nalonso limafuna kuti woweruza akhutire kuti aliyense wovomereza wamvetsa chomwe akuvomerezacho, makamaka kholo, kuti likutaya ulamuliro wake pa mwana mpaka kalekale. Kukana kwa lero, ngakhale kukupweteka, kuli bwino kusiyana ndi kukana kobwera mwana atatha zaka zitatu ku England, anthu akufuula kuti anawanamiza.

Amalumewo usawaimbire foni wekha. Usawatumizire kalikonse pa Mpamba kapena Airtel Money, ngakhale ya feteleza, ngakhale atadandaula njala. Lamulo limaletsa kupereka kapena kulandira malipiro pa nkhani yotenga mwana popanda chilolezo cha khoti, ndipo uthenga umodzi wosonyeza kuti ndalama inapita kwa munthu woyenera kusaina utha kugwetsa mlandu wonse. Woyenera kulankhula nawo ndi ofesala wa Social Welfare amene khoti linamusankha kuimira mwanayo, uja mapepala amamutcha guardian ad litem. Iyeyo si wanu, ndi wa mwana, ndipo ukamaona ngati akuchedwetsa zinthu uzikumbukira zimenezo. Kudzera mwa loya wanu, pemphani kuti aitanitse msonkhano kumudzi komweko. Pakhale a mfumu, akuchikazi ndi akuchimuna, zonse zikambidwe m'chilankhulo chawo ndipo zilembedwe. Mafunso awo ndi odziwikiratu: mwanayu tidzamuonanso, dzina lake musintha, pakagwa maliro adzamva? Lonjezani zokhazo zomwe mudzakwanitsa. Ngati simungabwere chaka ndi chaka, musatchule. Nenani zithunzi kawiri pachaka ndi ulendo umodzi pa zaka zitatu, ngati zimenezo ndi zomwe thumba lanu lingathe.

Lamulo limalola khoti kupitiriza popanda chilolezo cha munthu amene anataya mwana, amene sakupezeka, kapena amene mutu sukugwira moti sangavomereze kanthu. Loya akhoza kukuuzani kuti muyese njira imeneyo. Ine ndikuti munthu amene wabwera yekha, wakhala pampando n'kunena kuti ayi, sanasowe.

Funsaninso za bambo ake a mwana. Ana ambiri a m'nyumba zosungira makanda si amasiye a mbali zonse. Mayi anamwalira pobereka, agogo alibe mkaka, mwana n'kukasiyidwa kuti akule pang'ono adzamtenge akayamba kudya nsima. Bambo amakhala alipo, mwina ku Joni, mwina anakakwatira mudzi wina. Fayilo ikangoti bambo sakudziwika, osasonyeza amene anawafufuza, kuti ndiponso liti, woweruza wosamala amaibweza, ndipo akapanda kutero iye adzatero ndi a viza. Pakhale kalata yolumbira ya amene anafufuzayo, kalata ya a mfumu, ndi setifiketi ya imfa ya mayi yochokera ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi imfa. Imfa ya kumudzi nthawi zambiri imakhala yosalembetsa, ndiye zimayambira kwa a mfumu kenako ku ofesi ya NRB ya paboma. Ukatero tenga mapepala onse uwayale patebulo: kabuku ka kusikelo, kaundula wa kunyumba yosungira ana, setifiketi ya kubadwa, pempho la kukhoti. Yerekeza dzina chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa nambala ndi nambala. Pena amalemba L pena R, pena mwezi ndi tsiku zimasinthana malo. Tinthu timeneti ndi timene timadya miyezi, ndipo kutikonza chigamulo chisanatuluke n'kosavuta kusiyana ndi kubwerera kukhoti pambuyo pake.

Tsopano za munthu wa setifiketi uja. Mutsekere foni lero. Kuno umenewo ndi mlandu wa chinyengo. Kumeneko, gawo 83 la Adoption and Children Act ya 2002 limati munthu wokhala ku Britain akalowetsa mwana wochokera kunja kuti akhale wake osatsata ndondomeko, atha kumangidwa mpaka miyezi 12, kulipitsidwa chindapusa, kapena zonse ziwiri. Komanso taganiza: boma la kumeneko lili kale ndi fayilo yanu, muli lipoti la dokotala ndi zonse zomwe munauza bungwe la adoption lomwe linakuunikani ngati mungalere mwana. Udzawauza kuti unabereka liti? Akakayika, nkhani imafika pa DNA, ndipo pamenepo mwataya mwanayu, mwatayanso mwayi wotenga wina aliyense. Ndende ikundiopsa, koma chikundiopsa koposa ndi ichi: mwanayu adzakula, adzafunsa, ndipo pepala loyamba la moyo wake lidzakhala bodza logula, lofufuta dzina la mayi amene anamubereka.

Sara nayenso anatopa kudikira. Lonjezo linabwera Abrahamu ali ndi zaka 75, Isake anabadwa bambo ake ali ndi zaka 100, ndipo pakati pamenepo Sara anapeza njira yake yachidule mwa Hagara. Werenga Genesis 16 ndi 21 uone amene analipira: mdzakazi ndi mwana wake m'chipululu, madzi atatha m'thumba. Chimodzimodzi ija amati ya fanta, yopatsa kalaliki kuti fayilo ikwere pamwamba. Eksodo 23:8 amati chiphuphu chimachititsa khungu anthu openya. Simungapemphere usiku kuti Mulungu atsegule maso a woweruza, m'mawa n'kukatseka a kalaliki wake ndi envelopu.

Kusuntha kwa masiku a khoti kuli ndi zifukwa zake zodziwika. Lipoti la a Social Welfare silinafike chifukwa mudzi uli kutali ndipo ofesi ilibe mafuta. Woweruza wasamutsidwa kapena watanganidwa ndi milandu ina. Fayilo yasokonekera ku registry. Nthawi zina ogwira ntchito m'makhoti amanyanyala, monga mu 2012 pomwe makhoti anaima kwa miyezi yoposa iwiri. Zimenezi simungazisinthe, koma mutha kuchepetsa ululu wake. Khalani ndi fayilo yanu yathunthu, pepala lililonse lokhala ndi chidindo cha khoti ndi nambala ya mlandu, kuti yawo ikasowa loya amange ina mwachangu. Mlandu ukasunthidwa, loya akulembereni chifukwa chake ndi chomwe chikusowa, osangoti tidikire. Onetsetsani ku Malawi Law Society kuti ali ndi chiphaso cha chaka chino, mumulipire m'magawo ntchito ikamatha, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Ngati vuto ndi mayendedwe a ofesala, loya afunse ku ofesi yawo njira yovomerezeka ndipo ilembedwe. Zopatsirana m'manja ayi. Tikiti ya ndege musagule ndi mawu a pafoni. Dikirani kalata ya khoti yokhala ndi tsiku, ndipo mugule yotheka kusintha.

Konzekeraninso funso loti mumakhala kuti. Lamulo la kuno lija la Adoption of Children Act limati wopempha akhale wokhala m'Malawi. Ndi pamenepa pomwe Khoti Lalikulu linamukanira Madonna mu Epulo 2009, kenako khoti la Supreme linatembenuza chigamulocho mu Juni chaka chomwecho, poona kuti choyamba ndi ubwino wa mwana ndiponso kuti kukhala m'dziko sikuyezedwa ndi kuwerenga masiku kokha. Chigamulo chimenecho chimakuthandizani, koma woweruza akadali ndi mphamvu yopereka chigamulo chongoyembekezera, choti mulere mwana akukuyang'anirani kwa nthawi yosapitirira zaka ziwiri. Madonna yemweyo mu 2006 anapatsidwa cha miyezi 18. Zikatero mmodzi wa inu angafunike kukhala kuno nthawi yaitali, ndipo dziwani kuti tchuthi cha adoption cha ku Britain chimayamba mwana akafika kumeneko kapena pasanathe masiku 28 atafika. Masabata okhala kuno ndi a tchuthi chanu cha pachaka kapena chosalipidwa. Kambiranani ndi mabwana anu panopa.

Mapepala a kumeneko nawo amakalamba mukudikira. Bungwe lomwe linakuvomerezani limaunikanso chilolezo chanu nthawi ikapita, ndipo lidzafuna DBS (chikalata chosonyeza ngati muli ndi mbiri ya milandu) ndi lipoti la dokotala zatsopano. Lembani papepala limodzi chikalata chilichonse, tsiku lomwe chinatuluka ndi lomwe chidzathe mphamvu, muziyamba kukonzanso kutatsala miyezi itatu. Mukasamuka nyumba, ntchito ikasintha, wina akadwala, kapena iwe ukakhala woyembekezera, liuzeni bungwelo musanafunsidwe. Malawi sanalowe nawo pangano la ku Hague la 1993 loyendetsa za kutenga ana pakati pa maiko, ndiye palibe njira imodzi yolumikiza maboma awiriwa. Khomo lililonse mugogoda palokha. Chigamulo chikatuluka kutsala pasipoti, ndipo ukukumbuka kuti kumayambiriro kwa 2024 a Immigration anasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo makina awo atasokonezedwa. Kutsalanso viza, chifukwa chigamulo cha khoti la kuno pachokha sichimulowetsa mwana ku Britain. Loya wa kumeneko akufotokozereni za kupitanso kukhoti la mabanja ku England: mumadziwitsa khonsolo pasanathe masiku 14 mwana atalowa, ndipo mumakhala naye miyezi 6 musanapereke pempho.

Ndibwere ku funso lako lija. Sindikuuza kuti Mulungu analonjeza kukupatsa mwana ameneyu, chifukwa palibe pomwe analonjeza. Ku DR Congo boma linaimitsa zilolezo zotulutsira ana mu Seputembala 2013, ndipo ana omwe makhoti anali atawapereka kale anatha zaka akudikira. Kenya inaimitsa kupereka ana kwa anthu akunja mu 2014, Ethiopia inatseka mu Januwale 2018, China mu 2024. Mabanja ambiri anali atapachika kale zithunzi za ana pakhoma. Kodi onsewo anali opanda chikhulupiriro? Ndipo maiko ena anatseka chifukwa kunapezeka kuti ana ankatengedwa makolo awo ali moyo, atanamizidwa kuti ana akupita kusukulu. N'chifukwa chake pangano la maiko a mu Africa loteteza ana, pa ndime 24, limati kutumiza mwana kunja ndi njira yomaliza, zina zonse zikakanika. Kufufuza komwe kwakutopetsaku ndi komwe kumateteza mwana wakoyo kwa anthu otero.

Anyamata atatu aja a pa Danieli 3 anauza mfumu kuti Mulungu wawo atha kuwalanditsa, koma ngakhale asatero iwo sagwadira fano. Chikhulupiriro chomwe ndikukupempha ndi chimenecho. Chija chomati ndalengeza, ndatenga, chimagwa tsiku lomwe khoti lakana, ndipo munthu amatsala akudziimba mlandu kuti sanapemphere mokwanira. Adzabwera ena okuuza kuti ufese mbewu ya mapaundi, ugule madzi odzozedwa ukawaze mapepala, kapena kuti pali mfiti m'banja yomwe yamanga fayilo yako. Fayilo yako yamangidwa ndi siginecha yosowa ndi lipoti losafika. Ndalama ya mbewuyo ilipire loya. Khala pafupi ndi abusa ako ndi amayi awiri kapena atatu osunga chinsinsi. Mpingo wonse sukuyenera kudziwa tsiku lililonse la khoti, chifukwa Lamulungu lililonse udzakhala ukuyankha funso loti mwana afika liti.

Kulira sindikuletsa. Miyambo 13:12 ikuvomereza kuti chiyembekezo chozengereza chimadwalitsa mtima. Mu Salimo 13 Davide akufunsa Mulungu kuti mpaka liti kanayi konse m'ndime ziwiri zokha, ndipo Mulungu sanachotse salimolo m'buku lake. Hana analira m'nyumba ya Yehova mpaka Eli anamuyesa woledzera. Ukatopa moti mawu sakutuluka, tsegula salimo uwerenge mokweza, limenelo likhale pemphero lako la tsikulo. Uonenso zomwe anachita Elikana, mwamuna wa Hana: pofuna kutonthoza mkazi wake anamufunsa ngati iye samuposera ana aamuna khumi. Ankamukonda, koma anaphonya. Amuna ako akatero, kapena akangokhala chete n'kumawerengera ndalama, usati sizikuwakhudza. Ndi kalilidwe kawo. Sankhani tsiku limodzi pa sabata lokambirana za mlanduwu, masiku enawo muzikhala ngati banja. Mugwirizanenso malire a ndalama, musafike pa katapila. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya kuno imatha kusintha mlandu uli pakati, choncho loya akupatseni mtengo wolembedwa.

Popemphera musamangoti Ambuye tipatseni. Mutchuleni mwanayo dzina, kuti agone bwino ndipo asadwale malungo. Tchulani amayi omwe akumusambitsa, ofesala, woweruza, ndi amalume omwe. Pemphani kuti choonadi chonse chituluke mlandu usanathe, ngakhale chitakhala chokupwetekani. Mu Baibulo muli mwana wamkazi wa Farao amene analera Mose, mulinso Moredekai amene analera Estere, wachibale wake wamasiye. Mulungu anagwira ntchito mwa onse awiri. Ngati a Social Welfare apeza kuti amalumewo atha kumulera bwino mwanayu pakati pa abale ake, Satana sanapambane pamenepo. Kudzakhala maliro kwa inu, ndipo mudzawalire ngati maliro, koma Atate wa ana amasiye wa pa Salimo 68 sakhala ku England kokha. Zikadzatha choncho ndipo fayilo itatsekedwa, mungathe kumuthandiza mwanayo poyera, a Social Welfare akudziwa, fizi ikupita kusukulu mwachindunji popanda chomangira. Musathamangirenso kupempha mwana wina mwezi womwewo kuti atseke bala.

Pakadali pano muganizire mwanayo mmene akuonera zinthu. Anataya kale mayi mmodzi. Musamuphunzitse kukuitanani mami ndi dadi khoti lisanagamule, ndipo musamuuze za ndege. Mukabwera kudzamuona, bwerani nthawi yofanana tsiku lililonse, mukhale pansi pamodzi ndi amayi amene anawazolowera, osamutengera pambali tsiku loyamba. Sonkhanitsani mbiri yake anthu oidziwa akadalipo: chithunzi cha mayi ake ngati chilipo, dzina la mudzi ndi la a mfumu, mfunda wake, pomwe pali manda, amene anamutcha dzina ndi chifukwa chake. Zimenezi ndi zake kaya apita nanu kaya atsala. Pa za umoyo, jambulani tsamba lililonse la kabuku ka kusikelo muone katemera ndi kukwera kwa sikelo. Ngati mayi ake anali ndi kachilombo ka HIV, usakomoke ndi zotsatira za kuyeza kwa pachala, chifukwa khanda losakwana miyezi 18 limatha kuonetsa zotengera kwa mayi lilibe kachilomboko. Kuno amayeza ndi PCR, njira yofufuza kachilombo kenikeniko, pa masabata 6, kenako amayezanso pa miyezi 12 ndi 24. Funsa zotsatira zonse zitatu monga mwa msinkhu wake.

Chithunzi chake chomwe unaika pa WhatsApp uchichotse, ndipo pa Facebook pasapezeke nkhope yake, makamaka pa zopempha thandizo la ndalama. Sali wanu panopa. Foni zafika kumudzi, ndipo wachibale akaona mwana wawo pa uthenga wosonkhetsa mapaundi adzati mukudyera mwanayo. Mawu amenewo akafika kwa woweruza ndi ovuta kuwachotsa.

Sabata ino mulembereni loya kuti akutumizireni chifukwa chomwe mlandu unasunthira, fotokope ya fayilo yonse, ndi tsiku lomwe ofesala angapite kumudzi. Bungwe lanu la kumeneko muliuze kuti amalume abweza mawu, lisamve kwa wina. Tsiku la msonkhano likadziwika undiuze. Ngati ofesala aona kuti n'koyenera kuti a kwanu akhalepo, bambo ako aang'ono avomera kupita, kuti anthu aja aone nkhope za banja lomwe likupempha mwana wawo.

Upereke moni kwa amuna ako.

Ndine mayi ako.